Galu wa a Jailosi ndi Mahatchi a pa Loji

Pakhomo pa a Jailosi, kufupi ndi minda ya mpunga ya ku Lifuwu, sipankafika mlendo wongocheza. Wodzagula usipa kwa akazi awo a Eveles ankaima patali, pansi pa mtengo wa mango, n'kuodira ali pomwepo, phazi limodzi litaloza kale kwawo. Mpanda padalibe. Padali galu wofiirira, wamakutu ogwa, dzina lake Dziwazako.

Dzinalo adalisankha eni ake, ndipo sadalisankhire galu yekha. M'mawa akaima pakhonde n'kukuwa kuti, "Dziwazako!" mudzi wonse unkamva, aliyense n'kutolapo gawo lake. A Jailosi adagwirapo ntchito yaulonda ku boma la Salima zaka zambiri, ndipo adabwerako ndi msana wopweteka komanso phunziro limodzi lokha: munthu akakusekerera, kayang'ane khola lako la nkhuku. Ana awo adapita ku Lilongwe, ndipo ankakumbukira foni mpunga ukacha basi. Anzawo akale ena adamwalira, ena adasanduka madikoni. Chamoyo chimene sichidawanamizepo chidali galuyo. Ali kamwana adamuthirira tsabola m'phala kuti akule waukali, ndipo adakuladi momwemo, moti akuba onse a m'deralo ankadziwa kuti thandala loyanikapo usipa la a Eveles lili ndi mwini wake.

Mavuto adayamba chaka chimene loji ina ya kunyanja idagula mahatchi. Eni ake adaona kuti alendo a ku Lilongwe atopa ndi kusamba m'madzi ndi kudya chambo, ndiye adati azikweranso nyama. Loweruka ndi Lamulungu mahatchi ankadutsa mondondozana m'kanjira ka pakati pa bwalo la a Jailosi ndi minda ya mpunga, alendo ali pamsana ngati matumba a chimanga omangidwa ndi munthu waulesi. Wowatsogolera adali Che Ahmad, Msilamu wa m'mudzi momwemo, munthu wamfupi woseka msanga, amene adakulira pa famu ina yoweta mahatchi kumwera.

Dziwazako ankadziwa mbuzi, ng'ombe ndi abulu okoka ngolo, koma chinyama chachitali chotere, chafungo lachilendo, sadachionepo. Adachiuwa. Hatchi ina idadzidzimuka n'kuthawa. Basi, galu adapeza ntchito yoikonda kuposa kudya. Akangomva ziboda panjira ankalunjika kumiyendo ya hatchi, fumbi koboo, alendo akukuwa m'Chizungu, a Jailosi ali pakhonde kuseka mpaka kutsokomola.

Lachisanu lina masana Che Ahmad adabwera atavala mkanjo woyera, akuchokera kumzikiti. Adaima pansi pa mango paja monga aliyense.

"Odi kuno! Aneba, tagwirani kaye mfumu yanuyo, ndili ndi mawu."

"Lankhulani muli pomwepo, makutu anga amamva patali," adayankha a Jailosi.

"Galu wanuyu tsiku lina adzakuputirani mlandu, apo ayi adzafa. Hatchi ikaponya mwendo sibwereza. Wallahi, ndinaonapo galu wamkulu kuposa uyu mutu utaphwanyika ngati dzungu. Koma kumuleketsa n'kotheka. Inu mum'mange chingwe chachitali, ine ndibwere ndi hatchi yofatsa ndiime nayo patali. Akaiyang'ana osauwa, mum'patse kamutu ka usipa. Tsiku linalo tiyandikire pang'ono. Ndipo chonde, akabwerera kwa inu musamam'menye."

A Jailosi adawayang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kumapazi.

"Che Ahmad, chibadwire chanu galu munam'gwirapo?"

"Ayi. Kwa ife malovu a galu ndi najisi, ndiye kuti zodetsa. Akandinyambita sindingaswali, sindingaime pa pemphero, mpaka nditatsuka."

"Ndiye munthu wosagwira galu aphunzitse ine za galu? Mawa mudzabweranso kudzandiphunzitsa kuotcha nkhumba!"

Che Ahmad adaseka mpaka kugwira mtengo. "Nkhumbayo ndakusiyirani, aneba. Koma zagaluzi muziganizire."

Atachoka, a Eveles adasiya kutembenuza usipa. "Abambo a Dalitso, munthu uja wanena zanzeru."

"Zanzeru? Akufuna galu wanga afewe, azidya m'manja mwa aliyense, kenako usipa wanuwo uyambe kuyenda wokha. Kapena wachita kutumidwa ndi mabwana ake. Amayi a Dalitso, munaona kuti munthu woyenda dzuwa lonseli kudzagawa nzeru zaulere?"

Komabe mawu a dzungu lophwanyika aja adawakhala pamtima ngati munga wa nsomba pakhosi. Adaganiza zomuleketsa galu wawo, koma mwa njira yawoyawo, kuti pasapezeke wodzitama kuti adathandiza Jailosi.

Adayamba ndi ndodo. Loweruka lotsatira Dziwazako adathamangitsa mahatchi mpaka kungalande, n'kubwerera lilime lili panja, mchira ukugwedezeka, kuti mbuye wake amuyamikire. Adalandira ndodo zamsana. Galu alibe mutu wa loya. Kwa iye mahatchi adali atapita kale, ndipo chimene adachita asadamenyedwe n'kubwerera pakhomo. Ndiye adaphunzira msanga: kuthamangitsa n'kwabwino, choipa n'kubwerera. Kuyambira pamenepo akamva a Jailosi akuitana ankawonjezera liwiro, n'kukabwerako njala itamupweteka.

A Jailosi adayesa kum'mangirira pamtengo ndi chingwe chachifupi. Galu adalira ngati wofedwa, mpaka adachitafuna chingwecho n'kuchidula.

Pamapeto pake a Jailosi adakumbukira zimene amachita eni mbuzi zolowerera m'minda ya anthu. Adadula chipika cha mtengo wouma n'kum'mangirira galu m'khosi kuti chizimulemera. Adamuyang'ana akuchikoka pabwalo mutu uli pansi, ndipo adadzigugudadi pachifuwa.

"Mwaona, amayi a Dalitso? Popanda usipa, popanda Msilamu."

Tsiku limenelo mahatchi adadutsa dzuwa litakwera. Pa hatchi yakutsogolo padali bambo wina wonenepa wa ku Lilongwe, atavala kabudula woyera, foni itakwezedwa m'mwamba akudzijambula. Dziwazako adamva ziboda, ndipo chipika chidasanduka udzu. Adadzambatuka n'kudutsa pansi pa thandala. Chipika chidakola mwendo wa thandalalo, usipa wonse waa pansi, nkhuku za mudzi wonse n'kufika ngati zaitanidwa ndi kalata. Galu sadacheuke. Adatulukira panjira chipika chikudumphadumpha pambuyo pake, phokoso ngati ngolo yothyoka.

Hatchi idaima ndi miyendo iwiri. Bambo wa kabudula woyera adachoka pamsana mwaulemu ndithu, n'kukatera chagada m'munda wa mpunga, matope thapwa! Kenako hatchi idatembenuka n'kuponya mwendo wakumbuyo. Kudamveka phwa! Dziwazako adauluka n'kukagwera mungalande.

A Jailosi adaiwala msana wawo. Adathamanga opanda nsapato, n'kulowa m'madzi ndi buluku lomwe, n'kumunyamula galu ngati khanda. Chiboda chidali chitamenya chipika, ndipo chipikacho chidang'ambika pakati. Galu ankanjenjemera, phewa litatupa, koma mutu udali wamphumphu.

Madzulo asadafike, pamango paja padaima galimoto. Mudatuluka mayi Safia, woyang'anira loji, mayi wosataya mawu.

"Bambo, mlendo wanga sanavulale, tithokoze Mulungu, koma akadathyoka khosi bwenzi tikulankhulira kupolisi. Kumapeto kwa mwezi uno kukubwera akwati ndi abale awo, ndipo adzadutsa njira yomweyi pa mahatchi. Ine ndidzakhala pompano. Galuyu akadzangothamangitsa hatchi, ndidzaitana anthu a mfuti aja amapha agalu olusa. Ngati simungathe kumuleketsa, kam'patseni munthu wakutali."

A Jailosi adafuna kunena kuti njirayo idalipo loji isadamangidwe, koma mayi Safia adali atalowa kale m'galimoto. Kumupereka galu kwa munthu wina kudali ngati kuchotsa chitseko cha nyumba. Kum'mangirira masiku onse adadziwa kale mathero ake. Adakhala pakhonde akumupaka galu mafuta paphewa.

A Eveles ankatola usipa m'fumbi, kupepeta ndi kuuzira. "Ndiye tsopano mum'mangirira chiyani, mtondo wanga? Pitani kwa Che Ahmad. Kapena nanunso akumangirirani chipika?"

M'mawa mwake a Jailosi adavala jekete lawo laulonda n'kunyamuka ngati munthu wopita kwina. Adadutsa pakhomo pa Che Ahmad maso ali kutsogolo, n'kubwereranso, n'kudutsanso. Che Ahmad adali pamkeka akumwa tiyi.

"Aneba, mwataya chiyani?"

"Ndikungodutsa."

"Njira imeneyo imathera pa khola langa la mbuzi. Ngati si mbuzi mukufuna, khalani pansi. Hajara, tabweretsa kapu ina!" adatero Che Ahmad poitana akazi awo.

A Jailosi adakhala. Tiyi adamununkhiza kaye asadamwe. Adakamba za mvula, za mbalame zodya mpunga, za achinyamata a masiku ano osadziwa kupereka moni. Kapu itatha adayang'ana kumbali n'kunena motsitsa kuti, "Chingwe chija munkanena, chikhale chachitali bwanji?"

Che Ahmad sadawakumbutse za nkhumba. Adangoti, "Cha hatchi chidikire. Poyamba galu aphunzirenso kubwera kwa inu, chifukwa pano amakuonani ngati ndodo yoyenda."

Ntchito idayamba madzulo omwewo. Che Ahmad adaima pansi pa mango, manja kumbuyo, mkanjo ataukwinya kuti galu asaukhudze. A Jailosi adagwira chingwe, thumba la jekete litadzaza timitu ta usipa.

"Muitaneni."

"Dziwazako!" adabangula a Jailosi. Galu adalowetsa mchira pakati pa miyendo n'kukokera chingwe kutali.

"Astaghfirullah! Aneba, mukuitana galu kapena mukugwira wakuba? Muitaneni ngati mukuitana mdzukulu kuti adzalandire chitumbuwa."

A Jailosi adakonza kukhosi. Adafufuza m'chifuwa mawu amene adawasunga kalekale, ndipo adatuluka opyapyala, adzimbiri. "Dziwazako, bwera kuno, mwana'nga. Bwera."

Kukhitchini a Eveles adaphulika nako kuseka. "Mayo ine! Mawu amenewo ndinawamva komaliza mukundifunsira!"

"Inu phikani zanu uko!"

Koma galu adatukula khutu limodzi. Adayandikira chokwawa, mimba ili pansi, akuyembekezera ndodo. Adalandira kamutu ka usipa. Adakameza, n'kuyang'ana mbuye wake ngati akufunsa kuti mwadwala kodi.

Masiku adapita akuchita zomwezo, mpaka galu adayamba kubwera mothamanga. Jekete la a Jailosi lidanunkha usipa moti Lamulungu lina amphaka awiri adawaperekeza mpaka pakhomo la tchalitchi. Kenako Che Ahmad adayamba kubwera ndi hatchi yaikazi yokalamba, yofatsa ngati mwala, n'kuima nayo kutsidya kwa ngalande. Dziwazako ubweya udaima. Adauwa, adakoka chingwe. "Musakalipe, bwererani naye m'mbuyo mpaka asiye," adatero Che Ahmad. Adabwerera mpaka kuseri kwa nkhokwe. Pamenepo galu adangoiyang'ana hatchi ija, kenako n'kucheukira a Jailosi. "Tsopano! M'patseni msanga, asanaiwale chimene wachita!"

Tsiku ndi tsiku mtunda unkachepa, koma pang'onopang'ono ngati mthunzi. A Jailosi mtima udawathamanga, poti mwezi unkatha. Tsiku lina, Che Ahmad akumanga chingwe cha hatchi, iwo adamukokera galu pafupi penipeni kuti ntchito ithe. Hatchi idapukusa mchira, galu adalumpha, chingwe chidawapsereza m'manja, iwo n'kugwada pansi osafuna.

"Mwathamangira kukolola mpunga wosacha," adatero Che Ahmad. "Mawa tibwerera kunkhokwe kuja."

A Jailosi adadzuka akupukuta mawondo, ukali wakale utabwerera. "Kapena mukuchedwetsa dala kuti tsiku lifike galu wanga aphedwe? Tanenani zoona, Che Ahmad. Mukufunapo chiyani pamenepa? Ndani wakutumani?"

"Ndikufunapo zambiri," adayankha Che Ahmad osakwiya. "Hatchi ikathyoka mwendo, ntchito yanga yatha. Komanso ndatopa kumva galu akulira ndi ndodo ine ndikuswali. Ku famu kuja azungu anali ndi agalu ambiri. Kagalu kalikonse kankaphunzitsidwa chonchi, ine nditagwira hatchi, ena atagwira galu. Manja anga sanakhudze, koma maso sadetsedwa ndi najisi. Ine ndili ndi pakamwa, inu muli ndi manja. Tikaphatikiza tikwana munthu mmodzi."

A Jailosi adafufuza bodza m'mawuwo, monga ankafufuzira m'matumba a antchito pa geti, koma sadalipeze. Mawa lake adabwerera kunkhokwe popanda kutsutsa. Mwezi usadathe, galu ankagona pansi hatchi ikudya udzu pafupi naye, ndipo adamuyesanso hatchiyo ikuyenda, kenako ikuthamanga pang'ono.

Tsiku la akwati lidafika. Mayi Safia adaimika galimoto pamango paja, foni ili m'manja. Anthu a m'mudzi adadzaza m'mbali mwa njira, ena kudzaona mkwatibwi, ambiri kudzaona galu wa Jailosi akudziphetsa. Anthu ndi otero.

"Simum'manga?" adafunsa mayi Safia.

"Chingwe chimaduka, mayi," adatero a Jailosi. "Mukufuna muone galu kapena chingwe?" Adalankhula molimba. Ndodo yawo idali itatsamira khoma pafupi ndi mpando.

Mahatchi adatulukira, Che Ahmad ali patsogolo, mkwatibwi ali pambuyo pake ndi chovala choyera chotalika. Dziwazako adali chigonere pamapazi pa mbuye wake, makutu okha ali tcheru. Hatchi yoyamba idadutsa. Yachiwiri idadutsa. A Jailosi adayamba kupuma.

Pamenepo amayi ena a m'gulu la akwati adaimba nthungululu. Hatchi yaing'ono yakumapeto, imene sidazolowere phokoso lotere, idadzidzimuka n'kuyamba kuthamanga, ziboda zikugunda pansi, fumbi likukwera, monga momwe zinkakhalira masiku okoma aja. Dziwazako adadzuka. Thupi lonse lidaloza kunjira. Adaponya phazi, n'kuponyanso lina, mpaka adafika kumalire a bwalo.

Dzanja la a Jailosi lidapita lokha pa ndodo, ndipo mkuwo udali utafika kale pakhosi. Adaumeza. Adachotsa dzanja pa ndodo n'kulilowetsa m'thumba. Pamaso pa mudzi wonse, pamaso pa anthu amene adawakalipira zaka zonsezi, adatulutsa mawu opyapyala aja.

"Dziwazako, bwera kuno, mwana'nga."

Galu adaima, phazi limodzi lili m'mwamba. Adayang'ana hatchi, adayang'ana mbuye wake, n'kulira pang'ono ngati munthu wosiya phwando lisadathe. Kenako adatembenuka, n'kubwera kudzakhala pansi, mphuno ili pa thumba la jekete. A Jailosi adakhuthula thumba lonselo.

Anthu adaomba m'manja, ena mokhumudwa. Mayi Safia adabweza foni m'chikwama. "Galu wanu musungeni, bambo," adatero, n'kulowa m'galimoto.

Mahatchi akubwerera, a Jailosi adali ataima m'mbali mwa njira ndi kathumba ka mpunga wonunkhira wa m'munda mwawo. Adakakweza m'mwamba kwa Che Ahmad, nkhope ili yolimba ngati akupereka msonkho.

"Mukapatse a Hajara. Musaganize kuti ndikukuthokozani. Wachuluka m'nyumba, mbewa zingathe."

"Alhamdulillah, mbewa zanu zatikumbukira," adatero Che Ahmad akuseka. "Mawa kuli tiyi, aneba. Koma mfumuyo muisiye kunyumba."

"Ndiona ngati ndidzadutse," adayankha a Jailosi.

Anthu okusekerera ndi ambiri, ndipo ena mwa iwo amayang'anadi khola lako la nkhuku, pamenepo a Jailosi sadaname. Chimene adaphonya n'chakuti wobwera ndi mawu owawa pakhomo pako, iwe n'kumunyoza iye osabweza, si mdani amene uyenera kumuopa. Galu wawo akadafera chiboda kapena mfuti chifukwa choti mwini wake adayang'ana manja a wolangiza m'malo momva mawu ake. Akuluakulu adaziona kale zimenezi, n'chifukwa chake adati: wakutsina khutu ndi mnansi.